Mawu Amene Sanalowe mu Kamera

Dário anabwerera kwawo ku Majaua m'chilimwe cha 1994 ali ndi mkazi, ana awiri ndi kamera yakale imene anagula kukampu ya othawa nkhondo ku Malawi. Chinthu chimodzi chinkamudya mtima: nkhope ya amayi ake inali itayamba kuzimirira m'maganizo mwake. Iwo anamwalira nkhondo ili mkati, iye ali ku Malawiko, ndipo chithunzi chawo chokhacho chinapsera m'nyumba.

Mudzi anaupeza uli zii. Kunalibe galu, kunalibe tambala. M'kati mwa zipupa zakupsa munali mutamera mitengo, ndipo anthu ankaponda pokhapo pamene ena aponda kale, kuopa mabomba okwiriridwa.

Loweruka lina abale onse opulumuka anakumana pabwalo la azakhali awo, a Paulina, kuti athokoze Mulungu. Kunaphikidwa chinangwa ndi nyemba, thobwa lili m'mitsuko. Nawonso a Sebastião, mkulu wake wa Dário amene sanathawe nkhondo, anafika wapansi kuchokera ku Mongue, ataonda, akutsokomola.

"Dário, mphwanga, bwera ukhale apa. Ndili ndi mawu," anatero a Sebastião.

"Ndikubwera, achimwene. Imani kaye pafupi ndi azakhali. Musagwedezeke!"

Msuweni wawo Gelson anakolezera. "Jambula, m'bale! Nkhani mudzacheza mawa. Dzuwa likapendeka zithunzi sizituluka bwino."

Anthu anaimba, anapemphera, analira, kenako anaseka mpaka kugwira nthiti. Dário zonsezi ankaziona pa kagalasi kakang'ono, diso limodzi atatsinzina. Mbale yake inazizira, ntchentche zikuzungulira.

A Catarina, mphunzitsi amene anthu ankawaitana kuti Aprofesora, amenenso ankaphunzitsa ana pansi pa mtengo poti sukulu inagwa, anamukokera pambali.

"Bambo Dário, jambulani ziwiri zitatu, kenako muike makinawo pansi. Akulu anu akuitanani katatu konse. Munthu sangayende mtunda wonse uja ndi chifuwa chotere chifukwa cha chithunzi."

"Aprofesora, inu simukudziwa kuwawa koiwala nkhope ya munthu."

"Ndikudziwa. Amuna anga sanabwerere. Koma chimene chimanditonthoza ndi mawu amene anandiuza ndili pafupi nawo."

Dário anagwedeza mutu n'kubwerera ku kamera yake. Madzulo ndithu, a Sebastião anapeza wowatenga panjinga kubwerera ku Mongue. Pokwera anangomuyang'anitsitsa mphwawo.

Lolemba Dário anakasiya filimu ku Milange kuti akatsuke. Pasanathe masiku khumi, uthenga unafika: a Sebastião amwalira.

Atachoka kumaliro, anakatenga zithunzi zija n'kuziyala pamphasa masana dzuwa likuswa mtengo. Zinali makumi awiri ndi zinayi. Aliyense anatuluka bwino, ngakhale makwinya a azakhali ankawerengeka. Koma pamene panali a Sebastião, nkhope inali ngati utsi, pakamwa pokha pali bii, potsegula. Pachithunzi choyamba anali kumbuyo kwa gulu. Pachachisanu anali pakati. Chithunzi chilichonse chotsatira chinawaonetsa atasendera pafupi, pafupi, mpaka chomaliza chinangogwira dzanja lawo lotambasula, likubwera kwa wojambula.

Gelson, amene anabwera kudzaona zithunzizo, anabwerera m'mbuyo.

"Zitentheni izi! Munthuyu mzimu unali utachoka kale. Tsiku lija tinadya ndi wakufa."

Mkazi wa Dário anathamanga kukaitana a Catarina. Iwo anatenga zithunzizo n'kuziyang'ana chimodzichimodzi, mosafulumira.

"Pano palibe mizimu, Gelson, usaopseze anthu. Makina akale ngati awa amafuna munthu woima chilili. Amene akuyenda kapena kulankhula amatuluka chonchi." Anatembenukira kwa Dário. "Akulu anu sanaime chifukwa ankabwera kwa inu. Pakamwa potsegulapa ankatchula dzina lanu."

Dário anayesa kukumbukira mawu a mkulu wake tsiku lija, nyimbo imene anaimba, chimene chinaseketsa anthu. Munalibe kanthu m'mutu mwake. Anathamangira kwa a Paulina.

"Azakhali, achimwene ankafuna kundiuza chiyani?"

A Paulina anati: "Mkulu wako anawaika m'manda yekha amayi ako, akuthawa asilikali. Ine anangondiuza kuti ali kutsidya la mtsinje, pansi pa mtengo wa mango. Zotsalazo anati ndi za mphwake: mtengo wake weniweni, ndi mawu amene amayi ako anakusiyira."

Tsiku lomwelo Dário anawoloka mtsinje, akutsata kanjira ka osaka nkhuni. Kutsidyako kunali bata loopsa, ngakhale mbalame osamveka. Anawerenga mitengo ya mango. Inalipo isanu ndi iwiri, ndipo pansi pa uliwonse panali masamba ouma okhaokha, popanda mtumbira, popanda mwala.

Anagwada pansi pa woyamba n'kuyamba kulambula ndi manja. Atamaliza anapita pa wachiwiri. Mpaka lero, chaka chilichonse mvula isanagwe, Dário amalambula pansi pa mitengo yonse isanu ndi iwiri.

Phunziro: Chithunzi n'chabwino, koma sichimva ndipo sichiyankha. Abale akasonkhana, jambulani pang'ono, kenako khalani pansi, idyani nawo, ndipo wina akakuitanani pitani nthawi yomweyo.