Kope la Lachitatu

"Makope ndapeza khumi ndi limodzi," anatero mlongo wake wa Dalaivala, atagwada pakati pa makatoni m'chipinda cha malemu bambo awo. "Lomaliza lili kuti, achimwene?"

Dalaivala anaima pakhomo akuseweretsa makiyi a takisi yake, n'kungokweza mapewa. Bodza lenileni. Kopelo linali m'galimoto mwake, pansi pa nsanza yopukutira galasi. Analipeza tsiku loika maliro, ndipo sanalitsegule.

Bambo awo anagwira ntchito yowerenga okwera kwa zaka makumi atatu, kuima m'masiteji ndi pamphambano za mumzinda, kope kumanja, pensulo kukhutu. Atapuma pantchito, kunabwera kampani ya tindege tamagetsi toti tizinyamula anthu ngati matakisi, kunyamuka padenga la nyumba ina n'kukatera pa lina, magalimoto akuthithikana pansi. Kampaniyo inkafuna kudziwa chinthu chimodzi: pa tsiku angakwere anthu angati? Inalemba ntchito mlongo wake wa Dalaivalayo, amene pakhomo ankangomutchula kuti Injiniya, ndipo iye anakatenga bambo kuti amuthandize.

Kuyambira pamenepo m'nyumba munalibenso nkhani ina. Awiriwo mitu pamodzi pamapu, tiyi n'kuzizira. Dalaivala akalowa, bambo ankangokweza dzanja, maso ali pomwepo. Nsanje inamudya, tisabise. Munthu wa imvi kundevu, kuchitira nsanje mwana amene ankamubereka kumsana popita naye kusukulu! Chopweteka china n'chakuti tindegeto tikadzayamba, oyamba kumuthawa adzakhala okwera ake omwe, a masuti aja othamangira kubwalo la ndege.

"Lachisanu ndikukapereka lipoti," anapitiriza Injiniya. "Kompyuta ikuti okwera zikwi zinayi pa tsiku. Bambo ankati ikunama."

"Kompyuta yako yomweyo kunama?"

"Imakhulupirira aliyense woti inde. Bambo ankati kuuluka ndi pakamwa palibe amakana. Iwo munthu akavomera, ankamufunsanso kuti, 'Lero mwachedwa kuti, ndipo mwataya chiyani?' Wosowa yankho ankamudula ndi pensulo. Mayankho a m'dera la maofesi sindikuwaona, ayenera kuti ali m'kope lomalizalo. Popanda amenewo, amanga malo otera anayi oti muzidzagona nkhunda, dzina langa lili pamenepo."

"Kafunse mnzako uja," anatero Dalaivala, akuloza mpando wa bambo ndi chibwano. "Si inu munkadyera mbale imodzi?"

Mayi awo, amene ankapinda malaya a malemu pabedi, sanadzutse mutu. "Iwe, katenge kope la bambo ako. Ndinakubala ndine, maso ako ndimawadziwa."

Anapita. Mlongo wake anamutsatira mpaka pagalimoto, ndipo chakukhosi chonse cha Dalaivala chinatulukira pomwepo.

"Ukudziwa chimene ndinali ine kwa bambo? Mpando wa mawilo anayi. Lachitatu lililonse ankakhala kutsogolo kuno tsiku lonse, ati akuwerenga anthu a mumsewu wa kubwalo la ndege. Ine kuwayendetsa, iwo kulemba manambala oti adzandichotsere chakudya pakamwa, n'kukakupatsa iwe."

Injiniya anakwinya nkhope. "Msewu wa kubwalo la ndege? Umenewo tinaumaliza chaka chatha, achimwene."

"Ndiye ankalemba chiyani?"

"Ine ankandiuza kuti Lachitatu ndi tsiku lawo lopuma. Ndinkawapempha kuti tigwire ntchito tsikulo, ankakana."

Anatsegula kopelo pabonati. Mizere inali yomweyo ya m'makope ena onse, yojambulidwa ndi rula, funso lililonse m'bokosi mwake. Koma patsamba lililonse panali wofunsidwa mmodzi yekha, ndipo malemba ake anali a bambo.

Kuchokera: kunyumba. Kupita: kunyumba. Mwachedwa kuti lero: sindikuthamangira kulikonse. Mungakwere kandege: ayi, wondiyendetsa ndili naye.

Injiniya anavundukula tsamba lina, n'linanso. Chimodzimodzi. M'mphepete munali timawu tating'ono: "Akutsokomolabe, sakumwa mankhwala." "Lero waseka kawiri." "Waimira gogo wodutsa msewu, am'mbuyo akuimba mahutala, iye osatekeseka."

Dalaivala anafuna kunena kanthu, koma amene anayamba kulankhula anali mlongo wake.

"Zaka ziwiri ndakhala nawo patebulo limodzi. Makope khumi ndi limodzi ndawerenga tsamba ndi tsamba, mulibe pamene analemba kuti ine ndaseka." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Ine ankandipatsa manambala. Inu ankakupatsani tsiku lathunthu, n'kumadandaulanso."

"Nanga lipoti lako?"

"Ndikaima ndekha pamaofesipo mawa. Mafunso awo ndikuwadziwa." Anatseka kopelo n'kumupatsira ndi manja awiri. "Ili si la kampani."

Atabwerera m'nyumba mlongo wakeyo, Dalaivala analowa m'galimoto n'kutsegula tsamba lomaliza lolembedwa. Linali la Lachitatu limene bambo sanalifike. Tsiku anali atalilemba kale, mizere atajambula bwinobwino, mabokosi ena onse ali opanda kanthu kudikira ulendo. Bokosi la kandege lokha ndi limene anali atadzaziratu: ayi.