Tiyi wa Bambo a Kunyumba

Mayi telala anali atatopa nawo ma ARV. Zaka ndi zaka akumeza m'mawa uliwonse, moti botolo likangoti tseketseke, kukhosi kunkayamba kale kukana. Atamva za kafukufuku ku chipatala, sanachedwe kulowa nawo.

Adokotala anafotokoza kuti ma ARV amapondereza kachilombo, koma kena kamabisala m'thupi n'kugona, asilikali a m'thupi osakaona. Mankhwala oyeserawo anali okadzutsa kuti asilikaliwo akagwire. Akatha, munthu ankabweza botolo lake la ma ARV, achipatala n'kumamuyeza magazi pafupipafupi kuti aone ngati kabwerera.

Botolo anabwezadi. Amuna awo, a kalipentala, nawonso ankamwa ma ARV. Anangoyamba kudzuka m'mawa kuwaphikira tiyi, munthu woti chikwatirane sankadziwa n'komwe pokhala supuni.

“Koma tiyi wanuyu ngwowawa, bambo.”

“Ndi masambawa. Imwani, azizira.”

Miyezi inapita, magazi ali bwinobwino. Mayi telala anayamba kuyimba popalasa makina. Anadzisokera ndi diresi yomwe, yoti adzavale tsiku lowauza kuti basi, zatheka.

Tsikulo adokotala anatseka chitseko, nakhala pansi mwaulesi.

“Mayi, m'magazi mwanu muli ma ARV. Kachilombo sikanagonje ayi, kangoponderezedwa ngati kale. Sitingapitirire nanu.”

“Ine? Botolo si ndinakupatsani?”

Mayi telala anangoti kukamwa yasa. Kenako kuwawa kwa tiyi uja kunabwerera pa lilime.

Anawapeza amuna awo m'shedi, akupala thabwa. Mphamvu zokalipa analibe, mtima unangolemera ngati chitenje chonyowa.

“Mwandiwonongera, bambo.”

A kalipentala anaika pulena pansi. “Ndinakunyamulanipo pamsana muli mafupa okhaokha, mayi. Za madokotala ndi zawo, ine sindibwerezanso zimene zija.”

“Nanga mapiritsiwo mumawatenga kuti?”

A kalipentala anangotsokomola, n'kupukuta thukuta ndi mkono. Apo m'pamene mayi telala anawayang'anitsitsa. Kolala ya malaya amene anawasokera okha inali itatakasuka, khosi likusambira m'katimo, ndipo lamba anali ataboola bowo latsopano. Miyezi yonseyi iwo maso anali pa magazi awo okha.

Analowa m'nyumba, natenga botolo latsopano limene anawapatsa ku chipatala, ndi madzi m'kapu.

“Yambani ndinu,” anatero. “Mawa tipitira limodzi.”