Chikwama cha Amayi Busa

Abusa atalengeza kuti Mulungu wawaitana kukatumikira kunja, mayi amene ankawachapira zovala sanadabwe. Nkhosa zambiri zinali zitathawira kale komweko, kuphatikizapo ana ake atatu akuluakulu, omwe ankatsuka mbale m'mahotela a eni. Asanu otsalawo ankagona mopingasana m'chipinda chimodzi, phazi la wina pakamwa pa mnzake.

Onsewo anawabereka pomvera za paguwa. Lamlungu lililonse abusa ankamenyetsa Baibulo patebulo, amvekere kulera n'kutsekera Mulungu chitseko. Eni akewo anali ndi ana awiri okha, ndipo ukawafunsa ankayang'ana kudenga n'kunena kuti n'chifuniro cha Mulungu.

Polongedza katundu, amayi busa anagawa zotha ntchito, ndipo wochapayo anamuninkha chikwama chakufa zipi. Atachikutumula kunyumba, m'kathumba ka mkati munagwa mapilitsi olerera, aja omwe anesi ankamunyengerera nawo chaka ndi chaka iye n'kumakana ngati akumupatsa poizoni. Theka lake linali litamwedwa kale.

Pa mapemphero otsanzikana wochapa uja anadikira kuti kwaya imalize, kenako ananyamuka ulendo wa kuguwa, mimba yatsopano patsogolo, ana asanu pambuyo.

"Amayi, munaiwala izi m'chikwama," anatero mokweza kuti ndi akukhomo omwe amve, uku akupereka mapilitsi aja kwa amayi busa. "Ndachizindikira, ndi chifuniro cha Mulungu chija. Tengani, mungakachisowe kunjako. Ife kuno tinazolowera kukhala opanda."