Mpando wa Pawindo la Galasi

Apongozi a mkazi wa kalipentala anali atayamba kudzuka pampando mogwirira maondo, nkhope itakwinyika. Poyenda ankapendama uku ndi uku ngati bakha. Mkaziyo nkhawa inamugwira, pakuti mlamu wake, mchemwali wa mwamuna wake, anali ataopseza kale pafoni kuti: "Ngati mwalephera kuwasamala amayi, ndibwera kudzawatenga."

Kulephera kwake kuti? Chibwerereni kudzakhala nawo zaka ziwiri zapitazo, apongoziwo sanagwirepo ngakhale tsache. Kalipentala anawakhomera mpando wawofuwofu pawindo la galasi n'kulamula kuti: "Amayi anapsa ndi dzuwa moyo wawo wonse. Pano azingopuma, panja ayi."

Tsiku lina m'mawa analephereratu kudzuka pabedi. Mkaziyo anathamangira kwa namwino wa nyumba yoyandikana nayo.

Namwino atawasisita ntchafu ndi chiuno, iwo anabuula.

"Agogo, panja mumatuluka?"

"Ine, mwanangu? Anandisunga ngati mbale za alendo."

"Komatu dzuwa amaliona pawindopa," anadziteteza mkaziyo.

"Kuliona si kuliwothera, amayi. Lodutsa pagalasi silithandiza. Khungu likawombedwa ndi dzuwa limapanga vitamini D, wolimbitsa mafupa ndi minofu. Akasowa, mafupa amafewa, miyendo n'kufooka. Pitani nawo kuchipatala akawayeze, musangowagulira mankhwala."

Kuchipatala anawayeza magazi n'kupeza zomwezo. Anawapatsa mapilisi, n'kuwalangiza kuti tsiku lililonse aziwothera dzuwa kwa kanthawi, mikono ndi miyendo ili pamtunda, komanso azidya mazira ndi nsomba.

Kalipentala zinamupweteka kwambiri. "Ndiye kuti ndawadwalitsa ndine?"

"Tonse sitinkadziwa, abambo," anatero mkazi wake. "Tiyeni tiwanyamule, dzuwa latuluka."

Sabata zoyamba ankawatulutsa atawagwira uku ndi uku. Kenako anayamba kuyendera ndodo, ndipo pofika mwezi wachinayi ndodoyo ankangoiiwala paliponse.

Mlamu uja anafikadi, nkhope ili gwa, galimoto ikudikira pamsewu.

"Amayi ali m'chipinda chiti? Ndithandizeni kuwanyamula."

"Khalani pansi kaye, alamu," anatero mkaziyo, mtima uli m'malo. "Apita kumsika wapansi. Akangoyamba kucheza kumeneko sabwera msanga."

Wokalamba kapena wodwala tisamutsekere m'nyumba poganiza kuti tikumukonda. Azituluka padzuwa tsiku lililonse, ndipo mafupa akamawawa kapena miyendo ikamafooka, tithamangire naye kuchipatala.