Njanji Yothera pa Mkhwani

Munthu wamkulu, imvi zili mbuu, wogwira ntchito ku bungwe lolemekezeka kuno ku Nairobi, koma Loweruka lililonse mukawapeza atagwada kuseri kwa nyumba, akuliza "piii" ndi pakamwa. Amenewo ndiye amuna anga, a Reinford. Ine ndine Modesta, ndipo manyazi anandithera kalekale.

Kasitimako anakagula mu 1996, titangosamukira ku Rongai, kunja pang'ono kwa Nairobi. Kamutu kake n'kotalika ngati chinangwa, kokoka timabogi titatu. Njanji anaiyala pa simenti kuyambira pa mpopi, n'kunena kuti pampopipo ndi pa Limbe. Chaka ndi chaka ankawonjezera: Lunzu, Lirangwe, Utale, kenako Balaka pafupi ndi chingwe choyanika zovala. Siteshoni iliyonse inali ndi kanyumba ka malata odula ku zitini, ndi tianthu tadongo todikira sitima, kena katasenza nthochi.

Kwathu ndi ku Golomoti. Anandionera pa siteshoni ya kumeneko, ine ndikugulitsa mango pa zenera la sitima, iwo ali mnyamata wa sukulu wowonda ngati bango. Ndiye tsiku lina nditawafunsa kuti tidzabwerera liti kumudzi, anaseka.

"Mayi a Lorna, sitimayi ikadzafika ku Golomoti, mudzamange katundu."

Iwo ankayesa nthabwala. Ine ndinawagwira mawu.

Mu 2001 njanji inafika pa Sharpevale, siteshoni yomaliza musanafike kwathu, n'kuima. Kutsogolo kwake kunali kadimba kanga ka mkhwani, bonongwe ndi therere, mbewu zochokera kwa achemwali anga, poti sukuma wiki, ndiwo zamasamba za kuno za tsiku ndi tsiku, anali atandikola. Ndikawakumbutsa, yankho linali limodzi: "Nanga ndidutsa pati, dimba lanu latchinga njira?" Zaka zinapita choncho. Mwana wathu Lorna anamaliza sukulu, anapita ku Lilongwe, anakwatiwa, anabereka. Mdzukuluyo ndinkangomumva akulira pa foni. Amayi anga nawo maso anayamba kuchita khungu. Ndinkasowa kwathu mpaka ndikakwera minibasi, zimene kuno amati matatu, ndinkayang'ana nkhope za anthu, kufuna wofanana ndi wa ku Golomoti.

Loweruka lina m'mawa, iwo atapita kukameta, ndinatenga khasu. Ndinazula zonse, abale, ngakhale mkhwani womwe unali utangoyamba kuyanga. Misozi inali chuchuchu, koma ndinasalaza dothi bwinobwino. Kenako ndinakwera pampando n'kutsitsa katoni ya njanji zatsopano imene anaibisa pamwamba pa wadirobu. Ankaganiza kuti amene amapukuta fumbi pamenepo ndani?

Atabwera anaima pakhomo la kukhitchini, kukamwa yasa.

"Mayi a Lorna, ndiwo zija?"

"Njira ndi imeneyo, Bambo a Lorna. Njanji ndi izi. Simenti ikachepa ndikaitana fundi womanga. China n'chiyani?"

Anakhala pa chidebe, n'kunyamula kamutu ka sitima, kumangokatembenuza. Ndinali nditakonzeka kuwalalatira, koma nkhope yawo inandifooketsa.

"Inu muli ndi kwanu," anatero. "Ine ndinabadwira m'nyumba ya kampani ya njanji ku Limbe. Abambo atapuma ntchito tinabweza makiyi. Mudzi wawo sindinauonepo. Ndiye ndikatsike ku Golomoti ndi imvi izi, ndikakhale mkamwini? Alamu anga azikandilozera pomanga nyumba, azikandiuza polima? Kuno anthu amanditchula dzina."

"Kuno amakutchulani dzina mpaka tsiku lopuma ntchito. Kenako mudzabwezanso makiyi."

Ndinalankhula mokalipa, ndipo zinawalasa. Koma nanenso zinandipweteka, chifukwa zaka zonsezi ndinkaganiza kuti ndi ulesi chabe, osadziwa kuti munthu akuopa kukatsika pomwe palibe womuchingamira. Ndinawamvera chisoni. Koma chisoni sichikanandionetsa mdzukulu, komanso sichikanabweza maso a amayi.

Masana amenewo ndinakanda dongo la m'dimba lomwelo. Sindidziwa kuumba, ndiye kanatuluka kamunthu ka mutu waukulu, kopanda khosi. Ndinakaveka kansanza ka chitenje changa chobiriwira, n'kukaika kadengu ka chitsekerero cha botolo pamutu. Ndinakaimika kumapeto kwa dothi losalazalo, pafupi ndi mpanda, kuyang'ana ku Sharpevale.

"Ameneyo ndani?" anafunsa.

"Wogulitsa mango. Disembala akupita kwawo, sabwereranso. Akuti azikadikira pa siteshoni."

Sanayale njanji tsiku limenelo, ngakhale mwezi wotsatira. Katoni inangokhala pakhonde, itafundidwa pulasitiki. Ine ndinamanga katundu wanga, ndinagawira anzanga a kumpingo mapoto, ndipo sindinafunsenso.

M'mawa wa tsiku lonyamuka, galimoto ikudikira pageti, ndinapita kuseri kukaanula thawulo. Ndinawapeza atagwada ndi thalauza la ku ofesi, akumanga kadenga ka chitini pamwamba pa kamunthu kanga. Njanji inali idakali pa Sharpevale. Pakati panali mpata wosaposa mikono iwiri.

"Mvula yayandikira," anatero osandiyang'ana. "Angasungunuke ndisanafike."