Geti la Pak Darmaji

Mafayilo a kontena ya mango ankayenera kufika ku seva ya kampani ya sitima isanakwane 3 koloko masana. Akachedwa, sitima inyamuka ku Surabaya, mango n'kutsala akuwolera padoko.

Bu Retno, mayi wolemba mapulogalamu pakampani yotumiza mangowo, anapeza vuto khofi wake asanazizire. Sevayo inali nkhalamba yosunga mwambo. Sinkalola mlendo kudzitsegulira njira ya katundu. Umaiuza adilesi ndi khomo lako, iyo n'kubwera yokha kudzagogoda. Retno anatsegula laibulale imene pulogalamu yake inkatumizira mafayilo, n'kusintha mzere umodzi, pasivu kukhala akitivu, kuti sevayo izibwera yokha. Seva inabwera, inagogoda, inapeza potseka.

Makiyi a geti lotsekalo anali ndi Pak Darmaji, bambo woyang'anira chitetezo cha makompyuta, amene anapachika masatifiketi asanu pakhoma. Yachisanuyo inkangotsimikiza kuti anapezeka pamsonkhano winawake.

"Pak, nditsegulireni makomo khumi okha."

"Bu, zaka zisanu ndi chimodzi, ngakhale udzudzu sunalowepo muno," anatero Darmaji akupukuta magalasi. "Auzeni asinthe seva yawoyo."

"Ndawauza. Aseka mpaka kutsokomola." Retno anakoka mpando. "Paja Loweruka akubwera odzafunsira mwana wanu?"

"Banja lonse, kuchokera ku Malang. Galimoto zitatu."

"Munawaitana nokha?"

"Nanga ndani?"

"Ndiye mudzakhome geti, Pak. Adzaime pamsewu ndi makeke awo, aone kuti nyumba yanu ndi yotetezeka."

Darmaji anayang'ana satifiketi yachitatu kwa kanthawi. Kenako anatsegula makomo khumi, olowera seva imodzi yokhayo, akulengeza kuti maganizo amenewa anali nawo kale.

Retno anayesanso. Zii.

"Mwaona? Vuto si geti langa," anatero Darmaji, nkhope itawala.

Nthawi inali itadutsa hafu pasiti thuu. Retno anawerenga zimene pulogalamu yake inauza seva, n'kudzigwira pakamwa. Inapereka adilesi ya m'kati mwa ofesi, yodziwika kwa makompyuta a m'nyumbamo okha. Zinali ngati kuuza alendo a ku Malang kuti, "Mutipeza kuchipinda chapakati," osatchula msewu.

"Apa ndalakwa ndine," anatero.

"Bwerezani, Bu, fani ikusokosa."

Retno sanabwereze. Analemba adilesi yakunja ya kampani pamalo pake, n'kudina batani. Seva inagogoda, khomo linatseguka, mafayilo khumi ndi awiri anadutsa mondondozana. Uthenga wakudoko unafika kutatsala mphindi zisanu ndi zinayi: kontena ikwera.

Retno anaitanitsa soto, msuzi wa nkhuku, n'kudya pang'onopang'ono, nsapato atavula. Asanamalize, kalata ya Darmaji inali itazungulira ofesi yonse, yofotokoza mmene dipatimenti yake inapulumutsira mango. Anaiwerenga kawiri, n'kuyankha mzere umodzi: "Zikomo, Pak. Loweruka alendo aja muwauzenso msewu."