Nazale ya a Mabvuto

Amuna anga a Mabvuto ndi munthu wabwino, koma ulesi wawo ndi wachibadwa. Ine ndimapanga juwisi wa malambe kwathu ku Chimwankhunda, m'mabotolo agalasi amene makasitomala amabweza ine n'kutsuka. Zaka zitatu ndayenda nawo m'maofesi a m'tauni mpaka zidendene kung'aluka. Ndiye a Nasreen, eni golosale yaikulu ku Limbe, atanena kuti akufuna azitenga juwisi wanga sabata iliyonse, ndinavina ndekha m'khitchini.

Koma mayi amenewa ndi ovuta. Anati sagula kwa munthu wotaya zinyalala paliponse, ndipo adzabwera okha kudzaona kumene njere za malambe zimapita ndikamaliza kusefa.

Ine nkhawa ndinalibe. Loweruka lililonse ndinkawasenzetsa a Mabvuto thumba la njere kuti akapereke kwa amayi ena a ku Soche oyenga mafuta. Ankabwera akudandaula msana, ine n'kuwatenthetsera madzi osamba. Osadziwa kuti thumbalo limakhuthulidwa m'ngalande ya kuseri kwa mpanda wathu, eni ake n'kukakhala pa bawo tsiku lonse.

Chimene a Mabvuto sankadziwa n'chakuti njere ya mlambe ikaviikidwa m'madzi otentha, monga ndimachitira ine, imangodikira mvula. Ndipo mvula inagwa.

A Nasreen atabwera anaona miphika, anaona mabotolo, anakhutira. Kenaka anati tizungulire kuseri kwa mpanda. Ngalande yonse inali biriwiri, timitengo tothithikana ngati mpiru wa kudimba.

"Nanga izi?" anafunsa motero.

Ine ndinazindikira masambawo kuti ndi a mlambe. Koma a Mabvuto anakonza kolala.

"Madamu, iyi ndi nazale ya kampani yathu. Ife tikagula dambe limodzi timabwezera mitengo khumi. Yonseyi tikadzala m'phiri la Soche."

A Nasreen anatembenukira kwa ine. "Zoona, a Angella?"

Kunena zoona ndinafuna kuvomera. Oda inali m'manja, ndipo zidendene zanga zinkandichonderera. Koma pa botolo langa ndinalemba ndekha kuti za kwa Angella zilibe chinyengo, ndipo manyazi anandigwira.

"Ayi," ndinatero. "Bambowa akhala akutaya njere muno m'malo mopita nazo ku Soche. Inenso ndazidziwa lero, muli pompano."

A Nasreen anaseka mpaka kugwira mpanda.

"Ndinaona kale. Nazale yanji yomera pamodzi ndi masilipasi oduka? Mukanavomera, bwenzi ndili m'galimoto. Juwisi nditenga, koma nazale imene bambowa anenayo ndiione ndi maso anga."

Choipa chitsata mwini. Sabata yonse a Mabvuto anali m'ngalande, kuzula timitengo ndi kutiwokera m'machubu, anzawo a bawo akuwaitana kuti "a bwana a zachilengedwe". Lero juwisi wanga ali m'firiji ku Limbe, ndipo zidendene zanga zapola. Njere zimafikadi kwa amayi a mafuta, chifukwa thumba likangofika amandiimbira foni. Akatula thumbalo, a Mabvuto amakwera phiri ndi zigubu ziwiri kukathirira mitengo yawo.

Dzulo anandifunsa kuti chilango chimenechi chidzatha liti. Ndinati tikadzathyola dambe loyamba. Anamwetulira, nati si patali ayi. Sindinawauze kuti mlambe umatenga zaka zingati.